Fuluwenza yatha koma chifuwa sichikutha: zimene zimachitika m'mapapo

Mayi, mwati amuna anu anadwala fuluwenza, thupi linasiya kutentha patapita masiku asanu, koma tsopano yakwana milungu iwiri akutsokomolabe. Mukufunsa ngati kachilomboko kadakali m'mapapo, komanso ngati muwagulire mankhwala "okweza chitetezo" amene ena akukuuzani m'gulu muno. Mundipirire, nditalikitsako, chifukwa yankho lagona pa zimene asilikali a m'thupi amachita m'mapapomo.

Kachilombo ka fuluwenza sikayendayenda thupi lonse monga ambiri amaganizira. Kamakhazikika m'njira za mpweya. Kunja kwake kuli puloteni yotchedwa hemagglutinin imene imakakamira pa maselo okuta mphuno, kummero ndi timapaipi totsikira m'mapapo. Kakalowa mu selo, kamaikakamiza kupanga tizilombo tina tambirimbiri, kenako seloyo imafa. Ambiri mwa maselo amenewa ali ndi tiubweya tating'ono timene timagwedezeka usana ndi usiku kukankhira makhololo m'mwamba, pamodzi ndi fumbi ndi majeremusi amene akodwamo. Musawaiwale maselo a tiubweyawa, chifukwa chifuwa cha bambowo chikuchokera pamenepo.

Woyamba kukuwa ndi selo yogwidwayo. Imatulutsa puloteni yotchedwa interferon, imene imachenjeza maselo oyandikana nayo kuti adzitchinge kachilombo kasanawafike. Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anaitulukira mu 1957 ku London, akufufuza kachilombo ka fuluwenza komweka. Nako kachilomboko kali ndi puloteni yake, NS1, yotseka selo pakamwa kuti chenjezolo lichedwe. Zonsezi zimachitika munthu asanamve kalikonse, poti zizindikiro zimayamba pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 4 kachilombo katalowa.

Pansi penipeni pa mapapo pali timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni. M'timatumbamu mumakhala maselo otchedwa ma macrophage. Masiku onse ntchito yawo ndi yakachetechete: kumeza fumbi ndi zinyalala popanda kuutsa phokoso, chifukwa khoma la kathumba kalikonse ndi lopyapyala kwambiri kuti okosijeni azidutsa kulowa m'magazi. Fuluwenza ikafika, amameza tizilombo ndi maselo akufa, ndipo iwo pamodzi ndi maselo ena amatulutsa mapuloteni oitanira anzawo, otchedwa ma cytokine. Mapuloteni amenewa akalowa m'magazi ndi amene amachititsa ubongo kukweza kutentha kwa thupi. Kuphwanya m'thupi, mutu, kuzizidwa, kusafuna chakudya, tulo tosatha, zambiri mwa izi zimachokera ku chitetezo chathu chomwe. M'miyendo yopwetekayo nthawi zambiri mulibe kachilombo.

Oitanidwawo amafika kudzera m'magazi: ma neutrophil, ma monocyte, ndi maselo a NK amene amapha selo iliyonse yooneka kuti yagwidwa. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi onena kuti chitetezo chikakwera kwambiri ndiye bwino. Ma neutrophil sasankha. Amathira mankhwala owononga pamalo ponse pamene afika, ndipo akachuluka mopitirira zimakhala ngati kutentha nyumba pofuna kupha khoswe. Khoma lopyapyala lija limabooka, madzi a m'magazi amadontha n'kudzaza timatumba, okosijeni amalephera kudutsa, munthu n'kuyamba kubanika. Mwa anthu amene fuluwenza imawafikitsa pa makina opumira, ambiri chimawapweteka ndi kutupa kumeneku kuphatikiza pa kachilomboko. Thupi labwino limafuna chitetezo chofika msanga, chogwira ntchito, n'kudziwanso kuleka.

Amene amamaliza ntchito ndi gulu lachiwiri, ndipo limachedwa. Maselo otchedwa ma dendritic cell amatola zidutswa za kachilombo n'kupita nazo ku timfundo ta m'chifuwa, tofanana ndi timene timatupa m'khosi kapena m'khwapa tikati munthu watuluka mwanabele. Kumeneko amaonetsa zidutswazo kwa asilikali ena otchedwa ma T cell ndipo ochepa amene azizindikira amayamba kuchulukana. Zimatenga pafupifupi mlungu. Kenako ma T cell a mtundu wa CD8 amatsikira m'mapapo kukapha maselo okhawo amene muli kachilombo, maselo ena otchedwa ma B cell amapanga ma antibody, mapuloteni otseka hemagglutinin ija kuti isakakamirenso, ndipo ma T cell a mtundu wa CD4 amathandiza magulu onse awiri. Inde, ndi CD4 yomwe ija timaimva pa nkhani ya HIV. N'chifukwa chake munthu amene CD4 yake yatsika amadwala fuluwenza kwambiri ndipo amakhalitsa nako kachilomboko. Kwa wamkulu wathanzi, kamakhala katatha pakati pa masiku 7 ndi 10.

Choncho mwa amuna anu, ngati alibe matenda ena ofooketsa thupi, kachilomboko kayenera kuti kanatha kale. Chatsala ndi chilonda. Maselo a tiubweya aja anafa ambiri, ena anaphedwa ndi kachilombo, ena ndi asilikali athu, ndipo kuti amerenso pamatenga milungu. Pakadali pano makhololo alibe owakankha, ndiye thupi limawatulutsa ndi chifuwa. Minyewa ya m'njira za mpweya nayonso imakhala yanyerenyesi, mpweya wozizira, utsi kapena kuseka kokha zimautsa chifuwa. Ngati amasuta, ino ndi nthawi yoti aleke ndithu, poti utsi wa fodya umafooketsa tiubweya timene tikuyesa kumera.

Chimene ndimaopa ine pa milungu imeneyi ndi mabakiteriya. Fuluwenza ikadutsa, ma macrophage amakhala atachepa ndipo otsalawo sagwira ntchito mwamphamvu kwa kanthawi. Mabakiteriya monga pneumococcus, amene anthu ambiri amakhala nawo m'mphuno osadwala, amapeza njira yotseguka n'kutsikira m'mapapo kukayambitsa chibayo. Mliri wa 1918 unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, ndipo mu 2008 David Morens, Jeffery Taubenberger ndi Anthony Fauci ataunikanso zidutswa za mapapo a anthu amene anamwalira nthawi imeneyo, anapeza kuti ambiri anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chobwera pambuyo pa fuluwenza. Chizindikiro chake n'chodziwika: munthu amayamba kupeza bwino, kenako thupi n'kutenthanso, kupuma kumakhala kwa befu, m'nthiti mumabaya akamakoka mpweya, makhololo amachuluka mwina n'kusakanikirana ndi magazi. Mukaona zimenezo musadikire kuti kuche, pitani nawo kuchipatala. Kwa ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera, a mphumu, a shuga ndi a mtima, musadikire n'komwe kuti zifike pamenepo.

Za mankhwala okweza chitetezo aja, sungani ndalama zanu. Sangameretse tiubweya msanga. Maantibayotiki nawonso sapha vairasi ngati kachilombo ka fuluwenza, amathandiza pokhapokha dokotala akapeza kuti mabakiteriya alowerera. Mankhwala a fuluwenza enieni, monga oseltamivir, amagwira bwino akayambidwa m'maola 48 oyambirira, ndiye kwa bambowo nthawi yake inadutsa. Chimene chimakonzekeretsa chitetezo zenizeni ndi katemera, chifukwa amaphunzitsa ma B cell nkhondo isanayambe, kuti mlungu wodikira uja ufupike. Amabwerezedwa chaka ndi chaka poti hemagglutinin imasintha pang'onopang'ono mpaka ma antibody akale osaizindikiranso, ndipo bungwe la WHO limaunika kawiri pachaka mitundu yoyenera kulowa mu katemerayo.

Pali chimodzi chimene ndikukupemphani, Mayi. Chifuwa chotsalira pambuyo pa fuluwenza chimapita chichepa mlungu ndi mlungu. Koma chifuwa cha milungu iwiri kapena kuposerapo ndi chizindikironso cha TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akuonda, kapena thupi likutentha madzulo. Popeza milungu iwiri yakwana, apite akayezetse makhololo ngakhale akumva kuti mphamvu zabwerera, ndipo akamuuze dokotala tsiku limene fuluwenza inayamba ndi tsiku limene thupi linasiya kutentha.