Za aorta yotupa ya bambo anu

Achimwene, mwafunsa ngati EVAR, njira yokonzera mtsempha mosang'amba pamimba, ikuposa opaleshoni yong'amba pamimba, poti bambo awapeza ndi aorta (mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima) yotupa atawaunika ku Zomba Central. Funsani kaye kukula kwake. Kwa amuna, madokotala kawirikawiri amangoyang'anira mpaka ifike masentimita 5.5.

Pa EVAR amalowetsa kachubu kudzera mumtsempha wa mphechepeche. Kafukufuku wa EVAR-1 ku Britain anapeza kuti m'masiku 30 oyamba, mwa ochitidwa EVAR anamwalira 1.7 peresenti, pomwe mwa ong'ambidwa anali 4.7. Koma patapita zaka kusiyanako kunatha, ndipo ena magazi ankachucha m'mbali mwa kachubuko, n'kufunika kukonzanso. Ndiye kuti azikaunikidwa ndi sikani moyo wonse. Kwa munthu wa ku Chingale, thiransipoti yokhayo si nkhani yamasewera.

Ngati amasuta fodya, asiye lero.