Funsani: Asilikali obisala m'chimanga akutiyambanitsa

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndi anzanga timasewera nkhondo ya patebulo ndi tiasilikali tapulasitiki, dayisi ya ludo ndi tepi ya telala, nyumba timapanga zamakatoni, munda wa chimanga ndi udzu womata. Vuto ndi loti wina akalowetsa asilikali ake m'mundamo amati sakuoneka ndiye musawawombere, koma akuthamanga ngati ali pa msewu wa M1, ndiye timangokangana mpaka gemu kuthera panjira. Titani?
Wowerenga, Chankhanga, Kasungu

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo akufuna zonse ziwiri, kubisala ndi liwiro, ndipo musamulole. Wobisala aziyenda pang'onopang'ono, basi.

Mu gemu ya Bolt Action ya Warlord Games asilikali oyenda pansi amayenda mainchi 6, akathamanga 12, ndiye pa tepi yanuyo mungoti masentimita 15 ndi 30. Inu onjezerani chachitatu, kukwawa, masentimita 8. Gulu likhale lobisika pokhapokha ngati likukwawa kapena laima phee m'munda, m'tchire kapena kuseri kwa nyumba, likangothamanga kapena kuwombera laonekera pomwepo, palibenso zokambirana.

Tsopano kubisako. Musasiye tiasilikali patebulo n'kumati mdani ayerekeze kuti sakutiona, palibe munthu angakwanitse zimenezo, maso amapita pomwepo. Tichotseni, m'malo mwake ikani zitsekerero za mabotolo, gulu lililonse zitatu, chimodzi mulembe nambala kunsi kwake, ziwirizo zopanda kanthu zongopusitsira mdani. Zonse zizikwawa mofanana. Apa ndi pomwe gemu imakoma heavy, chifukwa mnzanu amatha kutumiza theka la asilikali ake kukazinga munda womwe mulibe aliyense, inu mukumuzembera kumbali.

Kuti mdani aone chomwe chilipo, gulu lake lifike masentimita 30 kuchokera pa chitsekererocho aponye dayisi. M'munda kapena m'udzu 4, 5 kapena 6 ndiye waona, m'nyumba 6 yokha. Akaona mutembenuze chitsekerero, ngati chili ndi nambala bwezerani asilikali patebulo, ngati chilibe chichotseni. Gulu limodzi liziyesa kamodzi pa ndime iliyonse, apo bii wina azingoponya mpaka zimuyendere.

Ine zomawerama n'kumayang'ana ndi diso limodzi kuti mutu wa kachidole ukuoneka kapena ayi sindizikonda, mikangano yambiri imayambira pamenepo. Musanayambe gwirizanani kuti uwu ndi munda, ili ndi dambo, ndipo malire ake muike ulusi.

Mukakhala atatu, mmodzi akhale woyimbira. Si zachilendo ayi, gemu ya Kriegsspiel yomwe asilikali a ku Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, anayamba kuphunzirira nkhondo mu 1824 inali ndi woyimbira yemwe yekha ankadziwa komwe magulu onse ali, osewerawo ankangoona zomwe asilikali awo aona. Wanuyo mupatseni pepala alembe nambala ya gulu lililonse gemu isanayambe, kuti wina asadzasinthe pakati.