Maatomu otha m'kamphindi: amawapanga bwanji, nanga amawasankha bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ku CERN, malo aakulu ofufuzira za sayansi ku Ulaya, akamati apanga maatomu osakhalitsa ngakhale sekondi imodzi, amawagwira bwanji chonsecho akutha pomwepo, nanga phindu la chinthu chotha msanga chonchi lili pati. Ndaona ena m'gulu muno ayankha kale kuti n'kuwononga ndalama chabe. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo mundilole nditalikitseko, chifukwa nkhaniyi ili pamtima panga.

Pakati pa atomu iliyonse pali phata lake, nyukiliyasi, momwe muli mapulotoni ndi manyutuloni. Kuchuluka kwa mapulotoni ndiko kumatiuza kuti iyi ndi elementi yanji: akakhala 6 ndi carbon, 79 ndi golide, 92 ndi yureniyamu. Manyutuloni okha amatha kuchuluka kapena kuchepa elementiyo osasintha dzina, ndipo mitundu yosiyana motereyi ndi imene amati maisotopu. Maisotopu okhazikika, amene sasweka, alipo pafupifupi 250 basi. Amene asayansi awaonapo kale ndi oposa 3,000, ndipo mawerengero amasonyeza kuti onse otheka angafike cha m'ma 7,000. Ndiye kuti ochuluka ndi osakhalitsawa, ndipo munthu wofuna kumvetsa chimene chimamanga phata la atomu sangangoyang'ana 250 ajawa n'kunena kuti wamaliza.

Komanso tikamati atomu yatha, sikuti yasowa. Imatulutsa cheza n'kusanduka atomu ya mtundu wina. Ndipo sizitha zonse nthawi imodzi. Isotopu iliyonse ili ndi nthawi yake imene theka la maatomu ake limakhala litasanduka, imene asayansi amati half-life. Ya lithium-11 (nambalayo ndi mapulotoni ndi manyutuloni onse pamodzi) ndi mamilisekondi pafupifupi 9, ndiye musaiwale kuti sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Nthawi imeneyi ikadutsa kakhumi, pa maatomu 1,000 pamatsala imodzi yokha. Kwa lithium-11 zimenezi zimachitika gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi lisanakwane.

Apa ndiye pagona yankho la funso lanu loyamba. Chinthu chotere simungachisunge m'botolo kapena kuchinyamula kupita nacho kuchipinda china. Kupanga, kusankha ndi kuyeza zimayenera kuchitika malo amodzi, zolumikizana, mosalekeza: ena akutha, ena akubadwa, ndipo choyezera chikulandira atsopano nthawi zonse. Oyamba kuchita zimenezi anali Otto Kofoed-Hansen ndi Karl Ove Nielsen ku Copenhagen m'chaka cha 1951. Iwo ankaswa yureniyamu ndi manyutuloni, mpweya wa krypton wotuluka pamenepo n'kumaulowetsa mwachindunji m'makina osankhira maisotopu. Nzeru imeneyi ndi imene inabala ISOLDE, fakitale yopangira ndi kusankhira maisotopu osakhalitsa ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, imene inayamba kugwira ntchito mu 1967 ndipo ikugwirabe mpaka lero. Kuchokera nthawi imeneyo yatulutsa maisotopu oposa 1,000 a maelementi oposa 70.

Zimayenda motere. Makina othamangitsira mapulotoni otchedwa Proton Synchrotron Booster amawatumiza ndi mphamvu ya 1.4 GeV (GeV ndi muyezo wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono totere) kukamenya chandamale, chimene nthawi zambiri chimakhala yureniyamu yosakaniza ndi carbon. Pulotoni ikamenya phata la yureniyamu, nthawi zina limagawika pawiri, nthawi zina limangothothoka tizidutswa, nthawi zina limaphwanyika kwambiri. Zotsatira zake ndi mitundu mazanamazana ya manyukiliyasi, yonse yosakanikirana m'kati mwa chandamale chija. Kuti atulukemo msanga, amachitenthetsa mpaka cha m'ma 2,000°C. Kutenthako kumachititsa maatomu kuyendayenda mpaka atapeza potulukira, n'kudutsa m'kapaipi kopita pamalo pomwe amawachotsa elekitironi imodzi, kamodzi mwa tinthu tozungulira phata la atomu. Atomu yochotsedwa elekitironi imakhala ndi mphamvu ya magetsi, amaitcha ayoni, ndipo tsopano ikhoza kukokedwa. Amaikoka ndi magetsi a mavoliti (volts) 30,000 mpaka 60,000, n'kuithamangitsa m'mapaipi opopedwa mpweya wonse kupita ku maginito aakulu.

Maginito ndiwo amasankha. Amakhotetsa njira ya maayoni, koma sakhota mofanana. Zili ngati galimoto pa kona: yopepuka imakhota mosavuta, yolemera imatenga kona motambalala. Kutsogolo kwa maginito kuli kampata kopapatiza, ndiye posintha mphamvu ya maginitowo mumasankha kulemera kumene kudutse pakampatapo, ena onse n'kumenya khoma. ISOLDE ili ndi makina awiri otere, GPS (General Purpose Separator) ndi HRS (High Resolution Separator), ndipo achiwiriwa ndi amene amasiyanitsa mosamalitsa kwambiri.

Koma pali vuto limene anthu ambiri olongosola nkhaniyi amalidumpha, pomwe kwa ine ndi pamene pali luso lenileni. Maginito amangoona kulemera, sadziwa dzina la elementi. Tin-132 ali ndi mapulotoni 50 ndi manyutuloni 82. Caesium-132 ali ndi mapulotoni 55 ndi manyutuloni 77. Onse pamodzi ndi 132, choncho amadutsa pakampata kamodzi. Choipa n'chakuti kawirikawiri amene simukumufuna ndi amene amabwera wochuluka, mwina kuwirikiza kambirimbiri, mpaka kukwirira amene mukumufunayo. Njira yokongola yothetsera zimenezi ndi ya leza (laser), kuwala kwamphamvu kwa mtundu umodzi kolunjika pamalo amodzi. Elementi iliyonse ili ndi masitepe akeake a mphamvu amene elekitironi yake imakwera. Akatchera maleza awiri kapena atatu kuti kuwala kwake kugwirizane ndendende ndi masitepe a tin, elekitironi ya tin yokha ndi imene imakwera sitepe ndi sitepe mpaka kuchoka, pomwe maelementi ena kuwalako sikuwakhudza. Motero leza imasankha mapulotoni, maginito amasankha kulemera, ndipo ziwirizi zikaphatikizana mwapeza isotopu imodzi yeniyeni. Sikuti zosafunika zimatheratu, pakuti maelementi ngati caesium amataya elekitironi okha akangokhudza chitsulo chotentha, komabe zinthu zimayera kwambiri. Ndi maleza omwewa, mu 2013 analengeza kuti ayeza koyamba mphamvu yofunika kuchotsa elekitironi pa elementi ya astatine, n'kupeza 9.32 eV (eV ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a GeV). Elementi imeneyi isotopu yake yokhalitsa kwambiri imangokhala ndi half-life ya maola 8, n'chifukwa chake nambala wamba ngati imeneyi inali isanayezedwepo.

Njirayi ili ndi malire ake. Atomu imatenga nthawi kuti ituluke m'chandamale, ndiye zosakhalitsa kwambiri zimathera m'kati momwemo. Maelementi ena ngati tungsten ndi zirconium amakakamira pazitsulo ngakhale patenthe chotani. Pa chifukwa chimenechi palinso njira yachiwiri, yotembenuza zinthu: m'malo momenya chandamale cholemera ndi mapulotoni, amathamangitsa manyukiliyasi olemerawo kuti aboole kachandamale kopyapyala. Zidutswa zake siziima, zimapitirira ndi liwiro lalikulu zedi, maginito n'kumazisankha zili paulendo, zonse m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milisekondi. Umu ndi mmene amachitira ku GSI mumzinda wa Darmstadt ku Germany, ku RIKEN ku Japan, ndi ku FRIB ya Michigan State University ku America, imene inatsegulidwa mu 2022. Mukandifunsa kuti yabwino ndi iti, ndinena kuti zimadalira chimene mukufuna. Yachiwiriyi imafika kutali, kwa manyukiliyasi osowa ndi osakhalitsa kwambiri. Yoyamba ija imapereka maayoni oyenda pang'onopang'ono komanso mwadongosolo, oyenera kuyeza mosaphonya.

Nanga akafika kumapeto amawatani? Ena amawatsekera m'kamsampha ka maginito ndi magetsi kotchedwa Penning trap, momwe ayoni imazungulira, ndipo liwiro la kuzungulirako limaulula kulemera kwake molondola modabwitsa. Ena amawawalitsira leza kuti adziwe kukula ndi maonekedwe a phata lawo. Ena amangowaimitsa pakati pa zoyezera n'kudikira kuti asweke, kuti aone cheza chimene atulutse. Enanso amawathamangitsanso kachiwiri n'kuwagundanitsa ndi manyukiliyasi ena.

Zimene zapezeka n'zimene zimandichititsa kukana mawu oti n'kutaya ndalama. Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen analandira mphoto ya Nobel mu 1963 chifukwa cholongosola kuti phata lokhala ndi mapulotoni kapena manyutuloni 2, 8, 20, 28, 50, 82, kapenanso manyutuloni 126, limakhala lolimba ndi lobulungira kuposa anzake. Lamuloli linachokera pa maisotopu okhazikika ndi oyandikana nawo. Atafika kwa osakhalitsa, anapeza kuti silimagwira paliponse: magnesium-32 ali ndi manyutuloni 20 ndithu, koma phata lake n'lotalika mbali imodzi, si lobulungira. Mu 1985 Isao Tanihata ndi anzake ku Berkeley anapeza kuti lithium-11 uja ndi wamkulu mosayembekezeka, chifukwa manyutuloni ake awiri amayendayenda patali ndi anzawo, moti dera limene amafika limayandikira kukula kwa phata la mtovu, lolemera kuposa iye pafupifupi ka 20. Ku ISOLDE komweko, m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti maisotopu opepuka a mercury amasinthasintha maonekedwe: mukachotsa nyutuloni imodzi phata latalika, mukachotsanso ina labwerera kubulungira. Ndipo mu 2013 anasonyeza kuti phata la radium-224 n'lonenepa mbali imodzi, loonda mbali inayo. Palibe chimodzi mwa izi chimene munthu akanachidziwa poyang'ana maatomu okhazikika okha.

Palinso nkhani ya kumene golide, platinum ndi yureniyamu zinachokera. Nyenyezi zikuluzikulu zimapanga maelementi pophatikiza manyukiliyasi mpaka kufika pa chitsulo. Pafupifupi theka la maelementi olemera kuposa chitsulo linapangidwa mwanjira ina, pamalo pomwe manyutuloni ndi ochuluka koopsa, moti phata limameza manyutuloni ambiri motsatizana lisanapeze mpata wosweka. Njira imeneyi imadutsa mwa manyukiliyasi okhala mamilisekondi chabe, amene pambuyo pake amasweka pang'onopang'ono mpaka kusanduka golide ndi anzake. Pa 17 August 2017 asayansi anaona nyenyezi ziwiri za manyutuloni (zotsala za nyenyezi zimene zinaphulika, zodzaza manyutuloni) zitagundana, ndipo kuwala kotsatira kunasonyeza kuti maelementi olemera akupangidwa pamenepo. Kuti munthu awerengere bwino zimene zinachitika, amafunika kulemera ndi half-life ya manyukiliyasi osakhalitsa aja, ndipo manambalawo amachokera m'makina ngati amene mwafunsawa.

Kwa amene akufuna phindu logwirika, tapitani kuchipatala. Kumeneko kusakhalitsa ndi ubwino, pakuti dokotala safuna kuti cheza chikhale m'thupi la wodwala kwa zaka. Technetium-99m, wogwiritsidwa ntchito pojambula m'thupi, ali ndi half-life ya maola 6, ndipo fluorine-18 mphindi 110. Awiriwa amapangidwa m'njira zina, koma alipo maisotopu atsopano amene kuwapeza oyera kumafuna makina osankhira. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a mu labotale sangalekanitse maisotopu a elementi imodzi, poti onse amachita zofanana, pomwe maginito amatha. Mu 2017 CERN inatsegula MEDICIS pambali pa ISOLDE, yogwiritsa ntchito mapulotoni amene adutsa chandamale choyamba kupangira maisotopu ofufuzira zachipatala. Amene akuwayang'anitsitsa kwambiri ndi terbium, chifukwa ali ndi maisotopu anayi othandiza: 152 ndi 155 ojambulira, 149 ndi 161 ophera maselo a khansa. Poti onse ndi elementi imodzi, mankhwala omwewo onyamula terbium kupita pa chotupa akhoza kunyamula woonetsa pamene nthenda ili, kenako n'kunyamula wochiza. Kafukufukuyu akupitirirabe. Terbium-149 amatulutsa tizidutswa totchedwa alpha (mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri) timene timangoyenda mtunda wa maselo ochepa, choncho timawononga selo la khansa osafika patali, ndipo half-life yake ndi maola 4 okha.