Chipinda cha pansi chingakhale bwanji chakale kuposa nyumba yake?

FUNSO: Akonzi, mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku England wanditumizira zithunzi za sitolo ina ya mumzinda wa Chester. Pansi pa sitoloyo pali chipinda cha miyala chimene akuti chili ndi zaka zoposa 700, pamene nyumba ya pamwamba pake ikuoneka kuti si yakale chotero. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ndimadziwa kuti maziko ndi zipupa zimamangidwa nthawi imodzi. Kodi zimenezi zikutheka bwanji? Nanga nyumba zakale za boma kuno ku Zomba zili nazo zipinda za msinkhu wotere? Ndine mmisiri wa ku Chinamwali.

YANKHO: Bambo, mphwanuyo sanakunamizeni. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya, pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi 1400, amalonda ankamanga chipinda cha pansi ndi miyala ndi laimu, denga lake lopindika ngati uta, koma nyumba ya pamwamba ankaimanga ndi mitengo. Moto ukabuka, kapena mitengo ikafumbwa, kapena mwini watsopano akafuna nyumba ya makono a nthawi yake, ankagwetsa za pamwambazo n'kumanganso pa chipinda chomwecho, pakuti kuchifukula kukanawononga ndalama zambiri pamene icho chinali chikadali cholimba. Choncho chipinda chimodzi chimatha kusenza nyumba zingapo motsatizana, ndipo imene mwaiona pachithunziyo ndi yomalizira chabe.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi tauni yaing'ono ya Winchelsea, kum'mwera kwa England. Tauni yoyamba inakokoloka ndi nyanja mu 1287, ndipo Mfumu Edward I inakhazikitsa ina pachitunda. Amalonda a kumeneko ankaitanitsa vinyo kuchokera ku Gascony, m'dziko la France, n'kumasunga migolo yake m'zipinda za pansi zimene makwerero ake ankatulukira kumsewu, kuti wogula atsike osadzera m'nyumba ya banja. Pambuyo pake doko linadzaza mchenga, malonda anatha, nyumba zambiri zinagwa, koma zipinda zoposa 30 zikulowekabe mpaka lero. Ankasungira pansi chifukwa nthaka imasunga kuzizira kosasinthasintha m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, nzeru yomweyo imene makolo athu ankagwiritsa ntchito pokumba nkhuti ya mbatata.

Pali njira inanso. Ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, anthu atatopa ndi kusefukira kwa mtsinje wa Vltava, anathira dothi n'kukweza misewu m'zaka za m'ma 1200, moti zipinda zimene kale zinali zolowera kuchokera pabwalo zinatsala pansi pa nthaka.

Mwina mungafunse kuti zaka zimenezi amaziwerenga bwanji. Akatswiri ofukula zakale amayamba ndi zimene inu amisiri mumazidziwa kale: kasemedwe ka mwala, mtundu wa matope omangira, maonekedwe a khomo, ndiponso malo amene chipupa china chinalumikizidwa ku chinzake mochedwa. Ngati mtanda wa mtengo wapulumuka, amawerenga mizere ya m'kati mwake, chifukwa m'maiko ozizira mtengo umawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi mitengo ina yodziwika zaka zake amatha kupeza nthawi imene unadulidwa. Kenaka amakumba pansi pang'onopang'ono, dothi la pamwamba poyamba, podziwa kuti phale kapena ndalama yachitsulo yopezeka pansi pa maziko inagwa pamenepo chipupa chisanamangidwe. N'chifukwa chake chinthu chikazulidwa pamalo pake popanda kulemba pamene chinali, umboni wake wambiri umatayika.

Kunena za Zomba, tauni yathu ndi yaing'ono msinkhu poyerekeza ndi mizinda imeneyi. Nyumba ya Old Residency, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Masongola, inamangidwa ndi John Buchanan mu 1886, ndipo Zomba inakhala likulu la boma kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Palibe nyumba ya m'tauni muno imene ingakhale ndi chipinda cha zaka 700. Komanso amisiri a nthawi ya atsamunda ankalimbana ndi chiswe, chinyezi cha m'munsi mwa phiri ndi kutentha, kotero ankakonda kukweza maziko ndi kuzunguliza khonde lalikulu m'malo molowa pansi.

Izi sizikutanthauza kuti nthaka ya Malawi ilibe mbiri ya zaka zimenezo. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la ufumu wa Maravi, katswiri wathu Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Makolo ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndiye zipupa sizinatsale, koma zimene ankagula ndi kugulitsa zinasungika m'dothi.

Popeza ntchito yanu ndi yokumba maziko ndi kukonza nyumba zakale, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapeza chipinda chokwiririka, ngalande ya njerwa zakale, mapale ambiri pamalo amodzi kapena mafupa, imitsani ntchito pamalopo, jambulani zithunzi musanasunthe kanthu, ndipo musalowe m'dzenje lotsekeka chifukwa mpweya wake umatha kukomola munthu. Lamulo la Monuments and Relics Act limafuna kuti zotere zidziwitsidwe ku boma, ndipo nthambi yoona za zinthu zakale ndiyo ili ndi akatswiri ake. Mukafuna kudziwa chaka chimene nyumba ina ya boma inamangidwa, yambirani ku National Archives, imene ili kuno ku Zomba komwe.