Mwana wanga akufuna ntchito yotsatsa malonda: kodi si yonamiza anthu imeneyi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo m'munsi mwake mwana wawo wamkazi wawonjezerapo mizere yake. Mayiwo akuti mwanayu wakhoza bwino MSCE, koma m'malo moganiza za unamwino kapena uphunzitsi, wakakamira maphunziro a zotsatsa malonda. Akuti amathera bandulo powerenga manyuzipepala akalekale a ku America pa foni, ndipo sawerenga nkhani ayi, amawerenga zotsatsa za m'mphepete. "Ine ndimaona ngati ntchito imeneyi ndi yonamiza anthu," atero mayiwo. Mwanayo funso lake ndi lina. M'nyuzipepala ya anthu apantchito ya zaka zoposa 100 zapitazo, waona sitolo ina ikutsatsa mapiyano pa mtengo wotsitsa, ndipo pambali pake sitolo ya zovala ikudzitama kuti masuti ndi maovololo ake ndi "union made". Akufuna adziwe tanthauzo la mawuwa, komanso kuti munthu wogwira ntchito m'fakitale piyano ankaifuniranji.

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindikuipeputsa. Koma ndiloleni ndiyambe ndi funso la mwana, chifukwa tsamba limene iye wapezalo likuyankha nkhawa yanu bwino kuposa mmene ine ndingachitire.

Mwanangu, manyuzipepala amene ukuwerengawo anali ambiri ndithu. Imodzi mwa iwo ndi The Labor World ya mumzinda wa Duluth ku Minnesota, imene inayamba mu 1896, ndipo anaiyambitsa ndi mayi, Sabrie Akin. Owerenga ake anali amisiri, ogwira ntchito pa njanji, pa doko ndi m'mafakitale, anthu a m'mabungwe omenyera ufulu wa apantchito. Eni masitolo ankadziwa kuti anthu amenewa amalandira ndalama pa sabata ndipo amamverana. N'chifukwa chake ankalipira malo m'nyuzipepala yawo.

Piyano masiku amenewo inali chimene wayilesi, TV ndi sofa yabwino zili kwa ife pamodzi. Wayilesi zoulutsa mawu kwa anthu onse zinayamba cha m'ma 1920, choncho banja lofuna nyimbo madzulo linkayenera kudziimbira lokha. Piyano pabalaza inkanenanso kuti pakhomo pano tatukuka, ndipo mwana wamkazi wodziwa kuiimba ankatha kudzapeza ndalama pophunzitsa ana a anzake. Mu 1909 mokha, mafakitale a ku America anapanga mapiyano oposa 360,000. Panali mayina olemekezeka monga Steinway ya ku New York, Baldwin ya ku Cincinnati ndi Kimball ya ku Chicago, koma panalinso mafakitale mazanamazana opanga otchipa. Wapantchito sakanatha kulipira mtengo wonse kamodzi, ndiye masitolo ankati perekani kochepa lero, zotsalazo muzibweza mwezi ndi mwezi.

Apa ndi pamene bodza linalowera, ndipo Mayi, apa ndi pamene mukunena zoona. Ogulitsa ena ankagula mapiyano otchipa opanda dzina n'kudindapo dzina lopeka lomveka ngati la kampani yotchuka. Ena ankaika mpikisano wa ndagi m'nyuzipepala, ndagi yosavuta yoti ngakhale mwana wa sitandade 4 aimasula. Aliyense wotumiza yankho ankalandira kalata yomuuza kuti wapambana, koma mphothoyo sinali ndalama. Inali chikalata chochotsera mtengo wa piyano ya m'sitolo momwemo. Tiyerekeze kuti piyanoyo mtengo wake weniweni ndi madola 250. Mwini sitolo alembapo 350, "wopambana" abwere ndi chikalata cha madola 100, alipire 250 yomweyo, n'kubwerera kwawo akuthokoza Mulungu chifukwa cha mwayi. Sindikunena kuti sitolo imene waiona iwe inkachita zimenezi. Ambiri ankatsitsadi mtengo pofuna kuchotsa katundu wakale kapena mapiyano ogwiritsidwapo kale ntchito. Koma wowerenga analibe njira yodziwira amene akunena zoona. Mawu akuti "mtengo wakale" ankachokera m'kamwa mwa wogulitsa yekha, popanda mboni.

Tsopano yang'ana chotsatsa chinacho, cha zovala. Mawu akuti "union made" ankatanthauza kuti chovalacho chasokedwa ndi anthu a m'bungwe la apantchito, m'fakitale imene mwini wake wagwirizana ndi bungwelo pa za malipiro ndi maola ogwirira ntchito. Umboni wake unali kansalu kakang'ono kosokerera m'thumba la mkati kapena pa kolala, kokhala ndi chizindikiro cha bungwe. Kansaluko mwini sitolo sankadzipangira. Kankachokera ku bungwe, ndipo bungwe linkatha kukalanda ngati fakitale yaphwanya pangano. Bungwe la United Garment Workers of America, limene linakhazikitsidwa mu 1891, linatchuka ndi chizindikiro chake pa maovololo ndi zovala zina zogwirira ntchito, ndipo makampani ngati Carhartt ya ku Detroit ankachionetsa monyadira m'zotsatsa zawo. Mu 1909 chitaganya chachikulu cha mabungwewa, American Federation of Labor, chinakhazikitsa nthambi yapadera yoona za zizindikiro zimenezi.

Kuti umvetse chimene kansalu kameneka kankalemerera, uyenera kudziwa mmene zovala zambiri zinkasokedwera. Atsikana amsinkhu wako, ambiri a iwo obwera kumene kuchokera ku Italy ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ankasoka maola ambirimbiri m'zipinda zothithikana pa malipiro ochepa. Pa 25 Malichi 1911, moto unabuka m'fakitale ya Triangle ku New York, pamwamba pa nyumba yosanja. Zitseko zina zinali zokhoma. Anthu 146 anafa, ena chifukwa chodumpha pa mawindo. Munthu wotembenuza kolala ya shati m'sitolo kufuna kansalu kaja ankafuna kudziwa kuti sakuvala thukuta la anthu otere. Ndimati ndikaganiza za atsikana amenewo mtima umandiwawa, makamaka podziwa kuti mu 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwera osoka zovala n'kupha anthu oposa 1,100, ndipo zovala zosokedwa m'maiko ngati amenewo ndi zimene zimatifika m'mabelo a kaunjika.

Koma usachitenge chizindikirocho ngati chopanda banga. Chiyambi chake chili ndi manyazi ake. Mu 1874 opichira ndudu achizungu ku San Francisco anayamba kumata chizindikiro choyera pa mabokosi awo pofuna kuuza ogula kuti nduduzo sanapange ndi Matchaina. Kunali kusankhana mitundu kumeneko, kovekedwa malaya a chilungamo. Ngakhale pakati pa osoka zovala okhaokha panali kukokana: mu 1914 gulu lalikulu linatuluka mu United Garment Workers n'kuyambitsa Amalgamated Clothing Workers of America motsogoleredwa ndi Sidney Hillman, ndipo limodzi mwa madandaulo awo linali lakuti atsogoleri akale ankasamala kwambiri za kugulitsa tinsalu ta chizindikiro kwa eni mafakitale kusiyana ndi za osokawo. Ndiye ngakhale chizindikiro chimafunika kuchifunsa: wachipereka ndani, ndipo iye akupindulapo chiyani?

Mayi, ndibwerere kwa inu. Pa tsamba limodzi lomwelo pali mitundu iwiri ya ntchito imene mwana wanu akufuna. Wina akulemba mawu amene palibe angawatsimikize. Wina akulemba mawu amene wogula angapite kusitolo, n'kutembenuza chovala, n'kuona ndi maso ake. Onsewo ndi otsatsa malonda. Ndipo chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti nkhondo yolimbana ndi zotsatsa zabodza inamenyedwanso ndi anthu a ntchito yomweyi, ataona kuti bodza la mmodzi likuipitsa malonda a onse. Mu 1911 magazini yawo yotchedwa Printers' Ink inafalitsa chitsanzo cha lamulo loti kutsatsa monama kukhale mlandu, ndipo zigawo zambiri za ku America zinalitengera. Makomiti amene otsatsawo anakhazikitsa oti azifufuza madandaulo ndi amene anadzasanduka Better Business Bureau, bungwe lolandira madandaulo a ogula. Boma linabwera pambuyo: nthambi yake yoyang'anira zamalonda, Federal Trade Commission, inayamba mu 1914, ndipo mu 1938 inapatsidwa mphamvu zomveka bwino zothana ndi zotsatsa zosocheretsa ogula.

Kuno kwathunso njira ziwirizi zilipo. Mnyamata wina amene ndinkamulangiza anapeza ntchito m'sitolo ina ya mipando. Usiku wina kutatsala sabata kuti Khirisimasi ifike, abwana anawatsekera mkati iye ndi anzake, n'kuwapatsa mapepala ofiira ndi zolembera. Ntchito inali yolemba mtengo wokwera umene sunakhalepo, kuukhwatcha ndi mzere, n'kulemba m'munsi mwake mtengo wa tsiku ndi tsiku ngati wotsitsidwa. Anabwera kwa ine m'mawa mwake manja ali ofiira ndi inki, akufunsa ngati ntchito yonse ili chonchi. Ndinamuuza kuti ayi, ndiponso kuti zimenezi ndi zina mwa zimene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake. Koma taonaninso mbali inayo. Chidindo cha Malawi Bureau of Standards pa botolo la madzi kapena pa paketi ya ufa chimagwira ntchito ngati kansalu kaja: wina wakunja kwa kampani wayeza ndipo angathe kuchilanda. Tiyi wa ku Satemwa ku Thyolo ndi shuga wa alimi a nzimbe a ku Kasinthula ku Chikwawa zinapeza misika kunja ndi chizindikiro cha Fairtrade, chosonyeza kuti alimi ndi antchito apatsidwa malipiro achilungamo. Katundu wotere amafuna anthu odziwa kufotokoza zoona mokopa, ndipo anthu amenewo si ambiri.

Chimene chandisangalatsa mwa mwana wanu n'chakuti sanangoti zotsatsazo n'zokongola. Wafunsa kuti wogula anali ndani, ankafuniranji katunduyo, ndipo mawuwo ankatanthauza chiyani kwa iye. Mafunso amenewa ndi amene amaphunzitsidwa m'kalasi la zamalonda, ndipo iye wawapeza yekha pa foni.

Sindikubisirani zovuta zake. Ntchito za m'makampani otsatsa malonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe n'zochepa, ndipo ambiri amayambira pa kugulitsa, kuyenda sitolo ndi sitolo, malipiro ake n'kumadalira zimene wagulitsa. Manyuzipepala sakupezanso ndalama za zotsatsa ngati kale. Zambiri zapita ku wayilesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Unamwino uli ndi njira yooneka bwino kuposa iyi, ndipo ngati ndalama za fizi zili za mwana mmodzi yekha, ndi bwino mukhale pansi muwerengere limodzi. Koma kumukankhira kuchipatala mwana amene mtima wake suli kumeneko n'kulakwira odwala.

Pa za sukulu, mwanangu, kulowa yunivesite ya boma kumafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a bizinesi masamu amafunikanso. Ona mndandanda wa maphunziro umene bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limatulutsa, makamaka a bizinesi ndi a utolankhani ku MUBAS ku Blantyre, ndi a zofalitsa nkhani kapena mbiri yakale ku University of Malawi konko ku Zomba. Malawi Institute of Journalism ili ndi masatifiketi ndi madipuloma kwa amene akufuna njira yaifupi. Ukasankha koleji yoima payokha, yamba wafunsa ku NCHE ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka, chifukwa makoleji nawonso amatsatsa, ndipo ena amalonjeza ngati ogulitsa mapiyano aja. Masamu usawataye. Wotsatsa amene satha kuwerengera kuti munthu wobweza ngongole mwezi ndi mwezi adzakhala atalipira zingati pomaliza amanamiza anthu ngakhale asakufuna.

Uli ndi mwayi umene anzako a kutali alibe. National Archives of Malawi ili m'tauni yako, ndipo imasunga manyuzipepala akale a dziko lino monga Nyasaland Times ndi Malawi News. Pita ukapemphe kuona a m'ma 1950 ndi 1960. Ukaone kuti njinga, mawayilesi ndi makina osokera ankawatsatsa kwa ndani, m'chinenero chanji, ndiponso ndani amene sankalankhulidwa n'komwe. Uziyerekeze ndi za ku America zimene umawerenga pa Chronicling America, nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya Library of Congress, laibulale ya boma la America. Chotsatsa chilichonse uchilembe m'kope: akulonjeza chiyani, ndipo wogula akanatsimikiza bwanji.

Kenaka upeze telala mmodzi wa pakhonde mumsika wa Zomba, wosoka mayunifolomu a sukulu. Umupemphe kuti umulembere chotsatsa chaulere, m'Chichewa, cha mizere isanu. Usalembe kuti ndi katswiri woposa onse. Ufunse nsalu imene amagwiritsa ntchito, mtengo wake weniweni, masiku amene amatenga kuti amalize, ndiponso ngati amasokanso mwaulere msoko ukamasuka. Ulembe zokhazo zimene iye angaime nazo pamaso pa kasitomala wokwiya. Uchitumize m'magulu a WhatsApp a makolo kutatsala masabata atatu kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo telalayo azifunsa aliyense wobwera kumene kuti wamva kuti. Mayi, tsiku loyambalo mumuperekeze, chifukwa telala adzamasuka msanga kunena mitengo yake pali munthu wamkulu. Teremu ikayamba, mundilembere nonse awiri chiwerengero cha amene anabwera.