Kodi ndingalumikize rauta yanga ku modemu ya kampani?

Mayi wina wa ku Chelstone, mu Lusaka, wandilembera imelo kufunsa ngati angagule rauta yakeyake (chipangizo chogawa netiweki m'nyumba) n'kuilumikiza ku modemu, kabokosi kamene kampani ya intaneti inamuikira, popeza netiweki sifika kuchipinda chogona, ndipo amene anabwera kudzaika anamuuza kuti zimenezo n'zoletsedwa. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa mawu omwewo anandiuza inenso.

Pamene ankatiikira intaneti ya waya wa fibre kunyumba kwathu ku Kabwata, mnyamata wa kampani anaboola khoma pafupi ndi khomo lakumaso, chifukwa ndi pamene panali pafupi ndi mtengo wa mawaya, ndipo kabokosiko anakakhomera kuseri kwa kabati ya mbale. Nyumba yathu ndi ya mabuloko a simenti, choncho munthu akangodutsa makoma awiri netiweki inkatheratu. Ana ankachitira ntchito za kusukulu atakhala pansi pakhonde, ndipo mayi a kunyumba akafuna kulankhula ndi abale a ku Chipata pa WhatsApp ankachita kuimirira pakhomo, nkhani za m'banja n'kumamveka kwa aliyense wodutsa. Nditapempha pasiwedi yolowera m'makonzedwe a kabokosiko, mnyamatayo anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, musamakagwiregwire, kakawonongeka mudzalipira nokha." Ku ofesi yawo anandiuzanso zomwezo, ndipo palibe anandisonyeza pamene lamulo limenelo linalembedwa m'pangano limene ndinasaina.

Mnyamatayo sindimuimba mlandu, chifukwa amanena zimene anamuphunzitsa, ndipo n'zoona kuti anthu ambiri amasokoneza zinthu kenako n'kumaimba foni usiku. Komabe ndikukana kwamtuwagalu maganizo akuti munthu wolipira mwezi ndi mwezi asakhale ndi chonena pa netiweki ya m'nyumba mwake. Mita ya madzi ndi ya kampani, koma mipope ya m'nyumba mwini wake amaika pamene akufuna, ndipo intaneti iyenera kukhala chimodzimodzi. Kabokosi kawo kali ndi ntchito ziwiri: kulandira intaneti kuchokera kunja, ndiponso kuigawa kwa mafoni ndi makompyuta. Ntchito yoyambayo ndi yawo, yachiwiriyo rauta iliyonse yabwino ingaichite, kawirikawiri bwino koposa. Ngakhale Starlink, kampani ya intaneti ya pa satelaiti imene inayamba kugwira ntchito muno m'Zambia mu 2023, inaika njira yotchedwa bypass mode kuti amene ali ndi rauta yake aigwiritse ntchito, kusonyeza kuti pempho lanu si lachilendo ngakhale pang'ono.

Pali nkhani ya magetsi imene sindingaidumphe. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mukawonjezera rauta, mabokosi ofuna moto amakhala awiri, ndipo limodzi likazima intaneti yonse yapita. Ambiri mwa mabokosiwa amayendera mphamvu ya magetsi ya 12V, choncho ka UPS (batire yosunga moto magetsi akazima) kakang'ono kokhala ndi potulukira moto pawiri kangathe kuwayendetsa onse, bola muwerenge kaye zolembedwa pa chaja ya lililonse. Ine ndimaona kuti ndalama ya batireyi iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa rauta musanapite n'komwe kukagula m'tauni.

Nanga muchite chiyani?

Tengani waya wa Ethernet, mulowetse mbali imodzi pakabowo kolembedwa LAN pa modemu, ina pakabowo kolembedwa WAN pa rauta yanu. Wayayu amagwira bwino mpaka mamita 100, choncho rautayo muiike pakati pa nyumba, pamwamba, osati m'kabati. Mukatero intaneti imayamba kuyenda nthawi yomweyo m'nyumba zambiri. Ikakana, mwina mabokosi onse awiri ali ndi adiresi imodzi, monga 192.168.1.1, ndiye musinthe ya rauta yanu ikhale 192.168.2.1.

Kulumikiza kotereku kumabweretsa chimene akatswiri amati double NAT, kutanthauza kuti mabokosi onse awiri akugwira ntchito ya rauta, chimene sichivutitsa woonera YouTube koma chimasokoneza masewera ena a pa intaneti ndi makamera ofuna kuonedwa muli kutali. Mankhwala ake n'kupempha kampani kuti iike modemu pa bridge mode, kuti izingopereka intaneti kwa rauta yanu, ndi kukupatsani dzina ndi pasiwedi ya PPPoE (zolowera pa intaneti ya kampaniyo) ngati imagwiritsa ntchito njira imeneyo. Akakana, ikani rauta yanu pa access point mode, kuti izingofalitsa netiweki yochokera ku modemu. Zipangizo za m'zipinda zakutali zilumikizeni pa netiweki ya rauta ya 2.4 GHz, chifukwa 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga pa makoma. Kabatani ka reset ka pa modemu yawo musakadine, popeza kangafufute makonzedwe onse a kampani. Akapitiriza kunena kuti n'zoletsedwa, apempheni akusonyezeni ndime yake m'pangano, ndipo ngati simukhutira, madandaulo a mtundu umenewu amapita ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti.