Msuweni, za mipando ya 86 yako ija

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, uthenga wako ndinauona usiku womwe uja, koma ndinati ayi, munthu wofunsa za mipando ya galimoto 2 koloko usiku ayambe wagona kaye. Moni nonse m'gulu muno. Amayi ndikudziwa mukumvera, azakhali inunso, musade nkhawa, lero sinditukwana.

Ndiye wafunsa kuti pa Toyota 86 yako ija uikepo Recaro kapena Bride, ndipo ndikusakire kuno ku Joni nditumize pa basi. Watumizanso zithunzi za pa Facebook, mipando yofiira, ati mtengo tikambirana. Hmm.

Ndiyankha, koma kaye... iwe, kuchiliza kuja unatuluka bwanji m'galimoto? Ayi, ndikungofunsa. Ine kunalibe koma vidiyo ndinaiona. Dzanja lina pachitseko, lina pamsana, nkhope ngati... aaa, basi ndisanene. Mwana wa dzana lomweli, amene ndinkakubereka popita kudimba. Chabwino, tisiye kaye.

Recaro ndi a ku Germany, anayambira ku Stuttgart, ankapanga mabodi a Porsche asanatembenukire ku mipando mu 1963. Bride ndi a ku Japan. Kulinso Sparco ndi OMP a ku Italy, Cobra a ku Britain. Onsewa ndi abwino, akakhala enieni. Ya pazithunzi zakoyo, mtengo umenewo sungagule ngakhale zitsulo za pansi zokha za Bride weniweni. Kunja amatengera bwino anthu aja, nsalu, ulusi, malembo, sungasiyanitse. Chimene satengera ndi cham'kati. Pa mpando wopindika, m'mbali muja muli kachitsulo ka mano kamene kamagwira msana wa mpando. Munthu akakugunda kumbuyo pa maloboti, thupi lako lonse limatsamira pa kachitsulo kameneko. Kakathyoka wagona chagada, ndipo lamba sakukugwiranso.

Chagada... hahaha, amayi mwayamba kale kuseka, ndikudziwa. Iyayi, ndiinena, anawa sakuidziwa bwino.

Iwe unali usanabadwe. Ayi, tadikira, unali utabadwa, chifukwa ndi chaka chomwe anamanga sitolo ija, usanabuke mlandu wa malire. Amalume aakulu, ndikunena malemu abambo ako aakulu, osati abambo ako, iwo aja ndi njinga basi. Anali ndi Peugeot 504 ija yaitali, yoyera... yotuwa, inayera atapenta. Ankapikula usipa ndi utaka ku Monkey Bay kukagulitsa ku Dedza ndi pa Lizulu. Paja amalume anali aafupi, mzimu wawo uuse mumtendere. Akakhala pachiwongolero anthu ankangoona chipewa chikudutsa. Azakhali anawasokera pilo, iwo anakana, ati pilo ndi wa odwala.

Tsiku lina apita ku Ndirande kukasaka pampu ya madzi, n'kupeza mpando wa Benz yochita ngozi. Wachikopa, wakuda, waukulu, wa bwana weniweni. Pampu anaiwala, ndalama yonse inathera pa mpando, anabwera nawo pa basi ataulipirira malo akeake. Kufika kunyumba, mabowo a mabawuti sakugwirizana. A Benz ali apa, a Peugeot ali uko. Ndiye anapita nawo kwa bambo wina wowotcherera mafelemu a zitseko pamsika paja. Bambo uja anadula zitsulo za bedi lakale, kulumikiza, kuukweza mpando m'mwamba kuti amalume azioneka. Kumbuyo anamanga mabawuti awiri. Kutsogolo mabawuti anamuthera, anangodontheza moto timadontho pa bodi, bodi yake yadzimbiri ndi madzi a nsomba. Ati bwana, apa ngakhale njovu ikhalepo.

Eee, sabata imeneyo tinaona zinthu. Ankadutsa pa trading pang'onopang'ono, chigongono pawindo, kupereka moni ngakhale kwa anthu amene ankawathawa chifukwa cha ngongole. Lamulungu kutchalitchi ankasiya chitseko chosatseka, ati mulowe mphepo. Ine anandikhazikapo kamodzi atandisambitsa m'manja. Fungo lake ndimalimvabe, chikopa kusakanikirana ndi usipa.

Ndiye tsiku lake lafika. Akuchokera kunyanja, matumba mpaka kudenga, ena pakaliyala, amayi awiri a geni kumbuyo, kutsogolo mnyamata wawo uja wa chibwibwi. Adutsa Golomoti, ayamba kukwera Khwekhwerere. Amene munadutsako mukudziwa makona ake. Pakona ina galimoto yalemedwa, ikutsokomola, akuti nditsitse giya. Munthu wamfupi, mpando wakwezedwa, kilatchi ili kutali, ndiye kuti aifikire anakankha msana ndi mphamvu zonse... phwaa! Kutsogolo kuja kwazuka. Amalume chagada, miyendo m'mwamba, mutu pamiyendo pa mayi wa geni, chipewa chili chikhalire. Chiwongolero chatsala chokha. Galimoto yazima, yayamba kubwerera mbuyo. Mayi uja akukuwa, abambo dzukani, abambo dzukani! Iwo akuti, inu ndikankheni! Mnyamata uja akufuna kunena kanthu, mawu sakutuluka... hahaha... pepani, dikirani ndipume.

Eya. Mwayi wake, mnyamatayo pakamwa panakana koma dzanja linagwira ntchito, anakoka handibuleki, galimoto n'kukhota kukatsamira mbali ya phiri, osati kuphompho. Matumba a pakaliyala anagwa, usipa mbwee msewu wonse. Palibe anavulala. Anafika ku Dedza usiku atakhalira kireti ya zakumwa. Koma mpaka tsiku lomwalira ankanena kuti wolakwa ndi mayi uja, ati ndi amene anakoka mpando. Wowotcherera ankamuikira kumbuyo, paja anali wa kwaya imodzi. Mpandowo ndi uja unakhalitsa pakhonde kwa agogo, ankakhalapo posenda nyemba, umene munkalimbirana ndi achemwali ako mpaka kukwapulidwa. Eya, umene uja. Unkaganiza kuti unachokera kuti?

Ndimati chiyani... zitsulo, eya. Anthu amayang'ana mpando, koma chogwira munthu chili pansi. Zitsulo zomwe mpando umatsetserekapo zija, ma rail, zimapangidwa za galimoto iliyonse payokha. Yakoyo nambala ya mtundu wake ndi ZN6, uyang'ane papepala. Zenizeni za ZN6 zimalowa m'mabowo a fakitale omwewo, popanda kuboola, popanda kuwotcherera. Munthu akangoti tingosintha pang'ono ndi galayinda, nyamula mpando wako uzipita. Komanso kachitsulo kolowetsamo lamba kaja kamamangidwa pa mpando, ndiye ukachotsa wakale kamayenera kusamukira pa zitsulo zatsopanozo, pamalo olimba.

Ndiye pali airbag. Mu mipando ya 86 muli airbag m'mbali, mbali ya kuchitseko, yoteteza nthiti. Tayang'ana, upeza kansalu kolembedwa. Ukazula mpando, getsi la airbag limayaka padashibodi. Anyamata amaika kachipangizo ka magetsi kotchedwa resistor pa waya, getsi n'kuzima, iwe n'kumati zatheka. Kompyuta yokha ndi imene yapusitsidwa, airbag palibe. Minibasi ikakulowa m'mbali pa Area 18 paja, pakati pa iwe ndi iyo pali chitseko basi. A inshuwalansi nawonso ngati sunawauze kuti unasintha, tsiku la ngozi apeza pokanira.

Mipando yosapindika ija, ya bucket, imene anyamata amaikonda pazithunzi... ndimaimanga kuno, ya anthu opita ku mabwalo a mpikisano wa galimoto a Zwartkops ndi Kyalami. Kumeneko msewu ndi wosalala, munthu wavala chisoti, amathamanga kanthawi n'kutuluka. Siponji yake ndi yopyapyala dala, kuti dalaivala azimva chimene matayala akuchita. Ndiye iwe ukufuna kumamva chimene matayala akuchita pa msewu wa ku Area 49 nthawi ya mvula? Mahampu onse aja, maenje onse aja, azithera m'chiuno mwako. M'mbali mwake ndi mokwera, umakhala ngati wakhala mumtondo, kutuluka kwake mpaka wina akukoke. Lamba wamba wa galimoto, pa ina mwa mipando imeneyi, amadutsa pamwamba pa m'mbali muja osakhudza mafupa a chiuno, pamene ndi pomwe amayenera kugwira. Ndiye ena amati ndiika malamba anayi a mpikisano. Popanda roll cage, zitsulo zija zotchinjiriza denga m'kati mwa galimoto? Ayi. Galimoto ikagubuduzika denga likutsika, iwe wamangidwa chilili, sungapendekere kulikonse.

Wina akuuzanso kuti uwu uli ndi sitika ya FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse. Sitika ija ndi ya mpikisano, ndipo ili ndi nthawi yake. Ya 8855-1999 imagwira zaka 5 kuchokera pomwe mpando unapangidwa. Ikatha, a mpikisano amagulitsa motchipa, ndiyo yambiri imene umaiona yakale. Ina ndi yabwinobwino, ina inagundapo khoma, ming'alu ili pansi pa nsalu. Ukaiona sitika imeneyo pa mpando wopindika wotchipa, kayika. Ndiponso... hahaha... ya ku Japan ija ndi yopapatiza, msuweni. Anapangira anthu odya mpunga pang'ono. Iwe chikwatire alamu anga, nsima ya mitanda itatu ikuoneka. Ilipo yaikulu yake, koma m'kagalimoto kakoko yaikulu imakhula chitseko.

Ndipo zitseko zako ndi ziwiri. Mpando wosapindika ukaikidwa, kumbuyo kuja kulowa kwake ndi nkhondo. Ndiye masiku akubwerawa kumbuyoko kudzafunika... nkhani ija sitinena pagulu, koma maso tili nawo.

Mmm. Ndiye tamvera, ndinene zoona tsopano. Iwe sukufunsa za Recaro. Msana ukukupweteka, ndipo aliyense muno wakhala akukuimbira nyimbo yoti gulitsa kagalimotoko ugule Sienta ngati munthu wapabanja. Azakhali, musatseke foni, ndinu munayambitsa. Ndiye iwe waganiza kuti ukagula mpando wa dzina, msana upola, anthu atseka pakamwa, galimoto ikhala. Ine za kugulitsa sindilowererapo, unaivutikira wekha kuchokera ku Dar es Salaam, nkhani imeneyo ndi ya iwe ndi alamu. Koma mipando imene ilimoyo usaichotse. Ya fakitale ya 86 ndi yabwino kale, inapangidwira bodi imeneyo, lamba ameneyo, airbag imeneyo. Yangotopa basi.

Galimoto zoyamba za mtundu umenewu zinatuluka mu 2012, yako ndi ya m'gulu lomwelo, zaka zapitirira 10. Siponji imafa. Tsegula chitseko, dina ndi chibakera mbali ya kumanja ya mpando wa dalaivala, pamene umakhulapo polowa, kenako ukadine wa pasenja. Uona wekha kusiyana. Mbali imodzi ikaphwa umakhala chopendekera osadziwa, ulendo wonse msana ukulimbana kuti ukuwongole. Pita nawo kwa osoka mipando ya galimoto, osati wa masofa, asinthe siponji ya pansi ndi yolimba, awonjezereko pang'ono pa msana cham'munsi. Koma uwauze, ndipo uime pomwepo: msoko wa mbali ya airbag asaukhudze, asausokenso ndi ulusi wawo. Msoko umene uja unapangidwa kuti uzing'ambika airbag ikaphulika. Ndipo asanazule waya wachikasu pansi pa mpando, achotse kaye batire, adikire pang'ono.

Kenako kakhalidwe kako. Ndinakuona, umayendetsa utagona, dzanja limodzi, ngati... ayi ndalonjeza kuti sinditukwana. Dzutsa mpando. Mapewa ali pa mpando, tambasula dzanja, pamfundo pa dzanja pazifika pamwamba pa chiwongolero. Chiwongolero chake chimakokeka, chibweretse kwa iwe. Ukaponda kilatchi mpaka pansi bondo likhale lopindikabe pang'ono. Chikwama chichoke m'thumba la kumbuyo, ngakhale paja chako n'chopyapyala, ya malata a agogo ija sitinaionebe. Ndiponso masipuling'i aja unatsitsa ndi marimu aakulu aja, ndi amene akukumenya kwambiri. A fakitale ukadali nawo kwa apongozi, bwezeretsa. Ukachita zonsezi msana n'kumapwetekabe, makamaka ukamatsikira m'mwendo kapena mwendo kumachita dzanzi, limenelo si la makaniko, pita kuchipatala.

Ndiye yankho langa ndi limenelo, sunga mipando yakoyo, uikonzetse. Ndalama ya iwiri yeniyeni, kuphatikiza ma rail, basi, ndi msonkho wa MRA pa Mwanza, malata onse aja akwana mpaka misomali.

Ukakakamirabe, chifukwa mutu umenewo tikuudziwa komwe unachokera, ndiye ukhale wopindika, weniweni, wa kwa wogulitsa wodziwika, wokhala ndi nambala yake yoti tingafunse. Ina ya Recaro imabwera ndi airbag yake, koma mtengo wake ukaumva ukhala pansi. Ma rail a ZN6. Ndipo sindigula ndisanadziwe muyeso wako: pita kwa telala akuyeze chiuno utakhala pansi, ndi mapewa, unditumizire manambala oona, osati a tsiku la ukwati. Akalewo ukasunge m'nyumba, tsiku logulitsa galimoto wogula adzawafuna.

Koma ine ndanena, eti? Usazule mipando imeneyo. Siponji, masipuling'i, ndi kukhala mowongoka. Wa pa Facebook uja umuuze kuti msuweni wanga wakana, unamizire ine, ndazolowera.

Dina mpando uja unditumizire chithunzi, cha mbali ya kumanja. Kwabwera kasitomala, ndikuimbira madzulo. Amayi, mankhwala aja ndapatsira wa basi ya Lachisanu.